Hockey sagulitsa ndi kukula kwa sitolo

Loweruka pabwalo la ayezi kuno ku Ontario, m'dziko la Canada, panali kamnyamata ka zaka ngati 9, nsapato za hockey zatsopano zonyezimira, zija zokhala ndi mpeni wachitsulo kunsi woterereka nawo pa ayezi, koma kakati kakhote kumanzere, phii pansi. Kudzuka, kukhota, phii. Bambo ake akuti anagula dzulo lake kusitolo yayikulu yomwe yatsegulidwa kumene, ndipo mipeniyo ananolera konko. Mphunzitsi anatembenuza nsapato n'kuika kandalama kachitsulo pamwamba pa mpeni. Kanapendekeka. Zandikwiyitsa kwabasi, chifukwa mwanayo amadziona ngati mbuli pomwe vuto lili pachitsulo.

Ndiye anthu akufunsa ngati sitolo zikuluzikuluzi zipha timasitolo ta m'dera. Ine ndikuti ayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mpeni wa pansi pa nsapato si wakuthwa kumodzi ngati wa kukhitchini. Pakati pake amakumbapo kangalande, ndiye umakhala ndi mano awiri, lam'kati ndi lakunja. Wonola akalephera kulunjika gudumu lonolera pakatikati, dzino limodzi limatalika, mwana amagwira ayezi mbali imodzi, mbali inayo n'kumaterereka. Kuya kwa kangalandeko nakonso n'kosankha. Nambala ikachepa, kangalandeko kamakhala kakuya. Ambiri amayamba ndi 1/2 inchi. Wa 3/8 ndi wakuya, umaluma kwambiri koma umachedwetsa. Wa 5/8 ndi wosaya, umathamanga bwino, n'chifukwa chake anthu a matupi olemera amaukonda. Tsono ndani angadziwe zoyenera mwana wanu? Ndi uja amamuona akubwera ndi nsapato pakangotha maola 10 kapena 15 pa ayezi, osati wachinyamata woti lero ali ku hockey, mawa amuika ku njinga.

Inde, sitolo yayikulu imagula katundu wambiri nthawi imodzi, mitengo imatsikako, makoma adzaza katundu wa makampani a Bauer ndi CCM. Basi, mphamvu yake yathera pomwepo. Ndiponso masitolo ang'onoang'ono ambiri amaodera limodzi kudzera ku gulu lawo lotchedwa Source for Sports, ndiye kusiyana kwa mtengo si kwakukulu monga mukuganizira.

Hockey amagulitsa ndi manja a munthu, abale anga. Taonani poyeza nsapato. Saizi yake imachepa ndi 1 kapena 1 ndi theka poyerekeza ndi nsapato yoyendera. Ukaimirira zala zizikhudza kutsogolo pang'ono, ukapinda mawondo zibwerere m'mbuyo, chidendene chisamanyamuke. Wodziwa ntchito amatulutsa kansalu kopondapo ka m'kati, mwana aimepo, aone malo otsala. Kholo likati "tigule yayikulu akuliremo", iye amakana poyera, chifukwa nsapato yokhwepa imapindira akakolo m'kati ndi kutulutsa matuza. Kenako amaiotcha mu uvuni wake kwa mphindi zochepa kuti iumbike molingana ndi phazi, mwana avale atakhala pansi, zingwe azikokera kumbali osati m'mwamba kuopa kuzula timphete, ndipo asasewerere mpaka padutse tsiku lathunthu. Wongofuna kuti mulipire mutuluke angakuuzeni zonsezi?

Ndodo yosewerera nayonso chimodzimodzi. Kulimba kwake, flex ija, kumayambira pa theka la kulemera kwa wosewera m'mapaundi. Mwana wa mapaundi 90 amafunika ya 40 kapena 45. Mukagula yaitali n'kuidula mainchi awiri, yalimba kale kuposa nambala yolembedwapo, mwana sangaipinde, puck, kampira kaphwatalala komwe amamenya ndi ndodoyo, singanyamuke. Chisoti chikhale ndi chidindo cha CSA, choteteza khosi chikhale ndi cha BNQ; awa ndi mabungwe a ku Canada oyesa ngati katundu ndi wotetezadi. Ndipo misomali yogwira mpeni ikamasuka patatsala ola limodzi kuti masewero ayambe, mudzathamangira kwa ndani? Kwa bambo uja wa pakona, wafumbi lachitsulo m'zala, amene amalemba pakakhadi kuya kwa mpeni wa mwana wanu.

Koma chondinyansa kwambiri ndi inu makolo anzanga amene mumapita kukasitolo kakang'ono, mwini wake agwade theka la ola akuyeza phazi la mwana, inu mujambule bokosi pafoni, muti "tibweranso", n'kukagula pa intaneti kuti mupulumutse madola 20. Sabata yotsatira mwabweranso kwa yemweyo kuti akuotchereni ndi kukunolerani, mukudandaulanso kuti wakulipiritsani. Manyazi mulibe?