Zoyesera mu labotale musazisandutse malonda a pamsika

Loweruka lapitali pamsika wa ku Ulónguè ndinaona chinthu chimene chikundiwawabe mumtima. Bambo wina anaima ndi chimkuzamawu akugulitsa timabotolo ta ufa wachikasu, uku akulengeza kuti asayansi atsimikiza kuti zomera zimachiza khansa ya m'mafupa. Mayi wina wa kwathu, amene mnyamata wake wa zaka 15 watupa bondo kwa miyezi itatu ndipo usiku sagona ndi ululu, anamasula mfundo ya chitenje nawerenga ndalama zonse zimene anapeza atagulitsa kachewere. Ndinawadandaulira kuti, “Mayi, mwanayu apite kuchipatala,” koma anandiyankha kuti ayambe ayesa kaye botolo.

Kumeneku ndi kuba, ndipo n'kubera munthu amene ali kale m'misozi.

Sindikunyoza zomera ayi. Mankhwala a vincristine, amene madokotala amapereka kwa odwala khansa ya m'mafupa yotchedwa Ewing sarcoma, amachokera ku kaduwa ka ku Madagascar kamaluwa ofiirira kapena oyera, komwe kaja timadzala pakhomo. Nawonso etoposide, mankhwala ena a khansa, anayambira ku chomera. Koma kuti vincristine avomerezedwe mu 1963, panapita zaka akatswiri akupatula kanthu kamodzi pakati pa zambirimbiri za m'masambawo, akuyeza mlingo wake ndi kuona mmene kamavulazira mitsempha. Mpaka lero amaperekedwa kudzera mumtsempha wa magazi, dokotala ali pomwepo. Palibe amene amawiritsa masambawo mumphika n'kumwetsa mwana.

Ufa wachikasu uja uli ndi curcumin, kanthu kopezeka m'chomera cha turmeric, ndipo n'zoona kuti mu labotale waonetsa mphamvu yofooketsa maselo a osteosarcoma, mtundu wina wa khansa ya m'mafupa. Komatu mbale ya mu labotale si mwendo wa mwana! Munthu akamwa curcumin, wochepa kwambiri ndi amene amafika m'magazi, nanji m'fupa. Asayansi akunena kuti mwina, wamalonda akunena kuti ndithu, ndipo pakati pa mawu awiriwa pali moyo wa mnyamata. Akuti zikufufuzidwa, iye akuti zatheka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikudziwa kuti umphawi ndi mantha odulidwa mwendo ndi zimene zimakankhira makolo kwa anthu otere. Koma osteosarcoma sidikira kuti botolo lithe: imakonda achinyamata amene akukula, kawirikawiri imayambira pafupi ndi bondo, ndipo ikachedwetsedwa imathamangira m'mapapo. Mwezi uliwonse wa ufa ndi mwezi umene chotupa chapatsidwa ulere.

Ndipo n'chifukwa chiyani munthu wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga azilingalira za ulendo wa ku Maputo, makilomita oposa 1,500, kuti apeze chithandizo chokwanira cha khansa, pamene wogulitsa bodza amafika pamsika sabata iliyonse popanda womufunsa chikalata?