Banja likatha, penshoni nayonso izitchulidwa

Kwathu kuno ku Thyolo banja likamatha timawerengera malata, mbuzi, njinga, mpaka wailesi yakufa. Koma ndi nkhoswe uti amene amafunsa za penshoni?

Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, lomwe analikonzanso mu 2023, wantchito amadulidwa 5 peresenti ya malipiro ake mwezi uliwonse, bwana n'kuwonjezerapo 10 peresenti. Kalaliki kapena dalaivala wa ku esiteti ya tiyi akagwira zaka 20, kumakhala ndalama kumeneko, mwina kuposa mtengo wa nyumba yomwe anthu akukanganirana pabwalo.

Ndikudziwa zomwe abambo muyankhe. Kuno n'kwa chikamwini, mwamuna amachoka ndi bulangete lake basi, nyumba ndi munda zimatsala kwa mkazi, ndiye afunanso chiyani? Pamenepo pali mfundo, sindikana. Koma mundawo unali wa makolo a mkaziyo inu musanabwere. Ndipo 5 peresenti ija inkachoka pa ndalama ya pakhomo. Mayi amene ankadzuka kusanache kukuphikirani, kulima chimanga ndi nandolo, kukagulitsa nthochi pa Bvumbwe kuti malipiro anu afike kumapeto kwa mwezi, nayenso anasonkhako.

Si nkhani ya chisoni chabe ayi. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha mkazi apatsidwe gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri. Lamulo la maukwati la 2015 limauza khoti kuti pogawa katundu liganizirenso ntchito zapakhomo. Zoti amayi mupatsidwa zingati, kapena china m'malo mwake, aweruze ndi a khoti. Koma majisitireti sangalote kuti kwinakwake kuli penshoni ngati inu simunanene.

Amayi, musadikire kuti bamboyo apume ntchito ndiye muthamangire ku kampani ya penshoni ndi setifiketi ya ukwati womwe unatha kalekale. Kumeneko amadziwa dzina la membala wawo, za kwa ankhoswe alibe nazo ntchito. Itchuleni mlandu uli mkati, ilowe m'chigamulo cholembedwa. Ngati loya simungamukwanitse, pitani ku Legal Aid Bureau.

Ndipo zisaoneke ngati ndikulimbana ndi abambo okha. Ngati wa penshoniyo ndi mayi, mphunzitsi kapena namwino, bambo n'kumatsala pakhomo kulera ana ndi kulima, nayenso aitchule. Manyazi a chiyani?