Kaliwu kakuti "mpaka" kachoke kaye

Boma likati tipereke maganizo pa ndondomeko ya intaneti yothamanga, ambirife timayankha chimodzimodzi: tsitsani mitengo. N'zoona, koma yankho lotere amangolilemba mu lipoti kuti anthu adandaula za mitengo, nkhani n'kuthera pomwepo. Makampani amapita kumeneko ndi maloya ndi zikalata zonenepa. Nafenso tipite ndi manambala.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi kaliwu kakuti "mpaka". Mwalipira intaneti ya "mpaka 20 Mbps" (Mbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti), koma ikangokwana 8 koloko usiku, kavidiyo ka mphindi imodzi kamangozungulirazungulira. Mukadandaula akuuzani kuti sananame. Ndipotu sananamedi, chifukwa ngakhale 1 Mbps ili m'kati mwa "mpaka 20"! Nsanja imodzi imagawira aliyense amene walumikizika nthawi imeneyo, ndiye liwiro lolembedwa pa chikwangwani lija ndi la munthu amene ali yekhayekha pa netiweki anzake onse atagona. Ku Britain anatopa nazo. Kuyambira 2018, kampani ikamatsatsa intaneti ya m'nyumba imayenera kutchula liwiro limene theka la makasitomala ake amalipezadi pakati pa 8 ndi 10 koloko usiku. Lamulo lotere n'losavuta kulilemba, ndipo aliyense angathe kuyeza yekha pa foni yake.

Ndondomekoyo inenenso kuti "yothamanga" ndiye kuti chiyani. Ku America, bungwe loyang'anira za mauthenga la FCC linaika 25 Mbps pokopera ndi 3 Mbps potumiza mu 2015, kenako mu 2024 linakweza kufika 100 ndi 20. Finland mu 2010 inangoyamba ndi 1 Mbps, koma inati umenewu ndi ufulu wa nzika iliyonse. Nambala ikhale yaing'ono kaya yaikulu, bola ilembedwe. Ndipo musaiwale ya kutumizayo: wophunzira wotumiza ntchito yake kwa aphunzitsi, kapena wogulitsa wotumiza zithunzi za katundu, amavutika ndi imeneyo, osati yokopera.

Pa mitengo samalani ndi mawu akuti "avareji". Broadband Commission, komiti yoona za intaneti yothamanga imene mabungwe a United Nations a ITU ndi UNESCO anakhazikitsa mu 2010, inati intaneti yoyambira isapitirire 2 peresenti ya ndalama zimene munthu amapeza pa mwezi. Cholinga chabwino. Koma ndalamazo amaziwerengera pophatikiza chuma cha dziko lonse n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu, bwana ndi waganyu m'thumba limodzi. Dziko likhoza kudzitama kuti lakwanitsa, pamene wosauka sakuyandikirako n'komwe.

Komanso wosauka sagula bandulo ya mwezi. Amagula ya tsiku, ndipo mukawerengera pa MB imodzi, amene ali ndi zochepa ndiye amalipira zambiri. Bungwe loona za mpikisano pa malonda ku South Africa linanena zimenezi poyera mu 2019, chaka chomwe lamulo la ICASA, bungwe loyang'anira za mauthenga kumeneko, linayamba kugwira ntchito, loti makampani azilola deta yotsala kupitirira ku nthawi ina, komanso asamadye mayunitsi a munthu bandulo ikatha iye asanavomere. Nanga chinthu chimene ndagula ndi ndalama zanga chimaola bwanji pakati pa usiku ngati ndiwo?

China chimandiseketsa, ngakhale si choseketsa. Chikalata chofunsira maganizocho nthawi zambiri amachiika pa intaneti, chamasamba ambirimbiri, m'chilankhulo cha maloya. Ndiye kuti amene alibe netiweki, mwini nkhani weniweni, afunika bandulo kuti adandaule za bandulo. Achiwerenge pa wailesi m'zilankhulo za anthu, atsegule nambala yaulere ya SMS, ndipo akamaliza asindikize zimene aliyense ananena, za makampani zomwe, tione mfundo zimene zatengedwa ndi zimene zatayidwa.

Ine zanga ndalemba kale: liwiro la 8 koloko usiku, ndi mtengo wa bandulo ya tsiku. Inu mukulemba ziti?