Amalume apeza senta wa seveni futi ku Ntcheu kkkk

Anthu inu cholakwa changa chinali chimodzi basi, ndinauza mayi kuti kuno ku Indiana ku America kupatula ganyu yanga ija ndimathandizako kochi wa basiketibo pa kakoleji kena, kumudulira mavidiyo a anyamata amene akufuna kuwatenga. Mayi kukauza amalume. Nkhani pofika ku Ntcheu inali itanenepa kale, ati ineyo ndi amene ndimalemba anthu ntchito ku NBA, ligi yaikulu ya basiketibo kuno ku America. Ndiye Lachiwiri foni kulira 3 koloko usiku.

AMALUME: Halo! Halooo! Mphwanga ukundimva? Mawuwo bwanji ngati wagona?

INE: Ndinagonadi amalume, kuno ndi usiku.

AMALUME: Azungu akuphunzitsa ulesi iwe, kuno anthu abwerako kale kudimba. Tamvera, ndamva kuti abwana ako akufuna senta.

INE: Eya, amene tili nayeyu akumaliza sukulu chaka chino.

AMALUME: Poyamba ndimayesa akufuna malo pa senta, mpaka ndinayamba kufunsa mitengo ya mapuloti pa Kampepuza. Kenako a hedi ndi amene andimasulira kuti senta ndi munthu, ngati wa netibo uja wovala C pachifuwa.

INE: Ndi munthudi koma zimasiyana. Wa netibo amakhala wothamanga, nthawi zambiri wamfupi, ndipo saloledwa kulowa mu seko mogoletsera muja. Wa basiketibo ndi wamtali kuposa onse mu timu, kwawo ndi pansi pa ringi pompo. Tingoti malo a Mwawi Kumwenda, koma iyeyu amatchinganso kumbuyo.

AMALUME: Basi ndi yemweyo. Mayi ako anati akufunika wa seveni futi. Ndamupeza.

(Apa tulo tonse tinabalalika, ndinakhala tsonga. Mukudziwa kuti anthu a seveni futi ndi osowa, makochi amakwera ndege mpaka ku Senegal kukawafuna, ndiye ine kungomupeza pa WhatsApp.)

INE: Amalume mukunena zoona? Seveni?

AMALUME: Seveni yeniyeni, ndaona ndi maso angawa. Mwana wa a neba, timangomuti Nsungwi.

INE: Mpirawo anayamba wasewerapo?

AMALUME: Wa basiketi ayi. Koma wamiyendo ndi goloboyi wa timu ya m'mudzi muno.

INE: Zimenezo si vuto. Hakeem Olajuwon ku Lagos anali goloboyi, anapita ku University of Houston, mu 1984 NBA inamutenga nambala wani, Michael Jordan anatengedwa wachitatu. Joel Embiid ku Cameroon ankasewera volebo, basiketibo anaiyamba ali ndi zaka za m'ma 15, kenako yunivesite ya Kansas inamutenga. Makochi amati kutalika sungamuphunzitse munthu, zinazo tikaphunzitsa.

AMALUME: Wamva Nsungwi? Ati uposa Jordan.

INE: Sindinatero amalume. Tiyeni ndikufunseni zimene kochi andifunse. Choyamba manja. Akamuponyera mpira mwamphamvu anthu atamupanikiza uku ndi uku, amawakha? Chifukwa senta wa manja a sopo amapweteketsa mutu, anzake amavutika kudutsa anthu atatu kumupatsa mpira pansi pa ringi iye nkuugwetsa, mawa lake samupatsanso.

AMALUME: Manja? Mwanayu amagwira ganyu kwa mabilidala, amakhala pamwamba pa sikafodi anzake akumuponyera njerwa ziwiriziwiri. Chiyambire sanagwetsepo, kupatula tsiku lija inagwera folomani, koma anthu akuti inali dala.

INE: Kkkk koma imeneyo ndalemba, ndi yabwino zedi. Chachiwiri mapazi. Apa ndiye pagona nkhani amalume, kwa ine mapazi amaposa zonse.

AMALUME: Mapazi ndiye ndakuuza kale, seveni.

(Mawu amenewa ndinawamva koma sindinawaganizire. Tulo.)

INE: Ndikunena kupepuka kwake. Masiku ano matimu amachita chimene amati pick and roll, wamtali wawo amabwera kudzaima ngati chipupa kuti kamnyamata kafupi kokhala ndi mpira kazembere pamenepo, ndiye senta wako amakakamizika kutuluka pansi pa ringi kukakumana nako kunja. Ngati mapazi ake ndi olemera kamamudutsa ngati njinga ya kabaza kudutsa ngolo, ndipo akaona kuti zatheka kamodzi azichita zomwezo gemu yonse mpaka kochi amutulutse. Amafunika aziyenda chammbali ngati nkhanu, kutembenuka msanga, kuthamanga bwalo lonse kupita ndi kubwerera osapempha madzi.

AMALUME: Iwe wayiwala kuti kuno ndi kwa Angoni? Mwanayu amavina ngoma, akaponda pansi fumbi limafika kwa a gulupu.

INE: Ndiye vutolo limenelo, ife tikufuna woponda osamveka. Bwalo lake ndi lamatabwa.

AMALUME: Matabwa tili nawo, akathyola tidzatumiza a bulugamu.

INE: Tamverani nkhani iyi. Kuno ku Indiana kuli yunivesite ya Purdue, anali ndi senta wawo Zach Edey wa ku Toronto, mamita 2.24, akaima pakhomo mumdima umagwa m'nyumba. Anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse m'makoleji kawiri, 2023 ndi 2024. Koma mu March 2023 anakumana ndi kasukulu kotchedwa Fairleigh Dickinson, timu yaifupi kuposa onse mu Division I (ligi yapamwamba ya makoleji) chaka chimenecho, anyamata ake ngati inu ndi ine. Anawathamangitsa, kumuunjikira Edey awiri atatu, anzake aja kuponya zakunja osalowa, gemu kutha 63 kwa 58 Purdue kunyumba. Anthu kuno analira ngati maliro a mfumu.

AMALUME: Afupi kuwina atali?

INE: Ndithu.

AMALUME: Ndakhala ndikuwauza akazi anga zimenezi zaka 30 samva.

INE: Chaka chotsatira Edey yemweyo anawafikitsa mu fainolo, anagoletsa mapointi 37 yekha koma analuzabe kwa UConn, yunivesite ya Connecticut. Ndiye kutalika kumathandiza, kungoti sikusewera kokha.

AMALUME: Ameneyo anzake anamugulitsa. Pitiriza.

INE: Chachitatu, mtima wake ndi wotani? Amapsa msanga?

AMALUME: Sabwerera m'mbuyo ameneyu. Sitiraika akalowa mu bokosi mwake amatuluka atanyamulidwa.

INE: Mayo ine. Amalume ku koleji mafaulo asanu basi watuluka gemu yonse, ku NBA ndi kumene amalola asanu ndi limodzi. Ndipo ukachita awiri hafu yoyamba makochi ambiri amakukhazika pa benchi mpaka hafu taimu. Matimu anzeru amachita dala kumuthamangira senta kuti awagunde. Ndiye amafunika wodziwa kudumpha chilili manja m'mwamba osagwetsa dzanja pa munthu, komanso osamangodumphira chilichonse, ena amangonamizira kuponya iwe uli m'malere kale ngati chiwala.

AMALUME: Ndiye mukufuna chimunthu chachikulu koma chaulemu.

INE: Eya.

AMALUME: Chachikulu, chopepuka mapazi, chosapsa mtima, manja ofewa. Mphwanga mukufuna senta kapena mkamwini?

INE: Kkkk sindinathe. Pali lamulo lina, timu yako ikakhala ndi mpira suloledwa kuima m'kabokosi ka pansi pa ringi kupitirira masekondi atatu, umayenera kutuluka nkulowanso.

AMALUME: Tadikira. Mwana achoke ku Ntcheu, basi mpaka Lilongwe, ndege mpaka Addis, ina mpaka kwanuko, masiku awiri panjira, kuti akaime masekondi atatu?

INE: Amatuluka nkubwereranso amalume.

AMALUME: Ngati nkhuku ya eni pa mphasa ya chimanga. Chabwino, azungu ndi malamulo awo.

INE: Nanga kulimbirana mpira ukakana kulowa? Timati rebound. Apa sipafunika kutalika kwambiri, pamafunika makani ndi kudziwa kumene mpira ugwere, umayamba wamutchinga mnzako ndi msana ndi m'chiuno kenako nkudumpha. Oscar Tshiebwe wa ku Lubumbashi ndi wa mamita 2.06 okha, kwa masenta ameneyo ndi wapakatikati, koma ku Kentucky mu 2022 ankatola ma rebound 15 pa gemu mpaka anamupatsa mphoto ya wosewera bwino m'makoleji onse.

AMALUME: Kutchinga ndi m'chiuno? Akanakhala kuti amatenga azimayi a zaka 50 ndikanakupatsa azakhali ako, pamzere wa feteleza wa makuponi palibe anawadutsapo. Koma Nsungwi naye amayesetsa, minibasi ya 5 koloko amakwera woyamba.

INE: Nanga kulasa? Senta amachitidwa mafaulo kwambiri ndiye amaponya ma free throw ambiri, waima wekha palibe wokutchinga anthu masauzande akukukuwiza. Shaquille O'Neal ndi ukulu wake wonse uja ankalowetsa pafupifupi theka lokha, mpaka matimu ankangomugwira dala kuti akaphonye. Edey ankalowetsa 7 mwa 10, ndiye ukamugwira wadzipweteka wekha.

AMALUME: Ndi legeni saphonya. Njiwa za a neba ena aja zinatha, mlandu uli kwa amfumu koma ndi waung'ono, sungaletse visa.

INE: Amalankhula? Chifukwa senta amaima kumbuyo amaona bwalo lonse, ndi amene amakuwira anzake kuti kumanzere kukubwera munthu, sinthanani, bwerera.

AMALUME: Pamenepo ndiye pali kavuto. Ndi wamanyazi, akamalankhula ndi akulu amagwada nkumayang'ana pansi.

INE: Pa gemu asadzagwade chonde. Sukulu bwanji? NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji, imayamba yaona mapepala a sekondale isanamulole kusewera, ndipo akalephera makalasi ku koleji timu imamuimitsa. Dikembe Mutombo popita ku Georgetown cholinga chake chinali udokotala, kochi wa komweko ndi amene anamukopa kuti alowe mu timu.

AMALUME: MSCE ndiye amaidziwa bwino kwambiri, walemba katatu.

INE: Zaka ali nazo zingati?

AMALUME: Zimene abwana ako akufuna ndi zingati?

INE: Amalume.

AMALUME: Ndangofunsa. Tsono tikambe za ndalama, ine ngati ejenti ndimatenga teni peresenti.

INE: Chachikulu ndi sikolashipu, fizi, chakudya ndi pogona. Kuyambira 2021 osewera a m'makoleji amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, koma kwa obwera pa visa ya sukulu malamulo ake ndi ovuta, komanso kathu kano ndi kakoleji kakang'ono. Ndipo musamawerengere za NBA msanga. Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam pompa, mamita 2.21, ku UConn ankatchinga mipira ya anthu ngati akuthamangitsa ntchentche, mu 2009 timu ya NBA ya Memphis inamutenga nambala 2 patsogolo pa James Harden ndi Stephen Curry, koma ku NBA sizinamuyendere ngati mmene anthu ankaganizira.

AMALUME: Teni peresenti ya chakudyayo izibwera ngati ndalama. Ndiyatse vidiyo umuone?

INE: Yatsani, ndakhala ndikudikira zimenezo. Aime pakhomo kuti ndiyerekeze.

(Vidiyo kuyaka. Poyamba ndinaona mphuno ya amalume, kenako denga, kenako mbuzi. Kenako mnyamata wowonda bwino ataima pakhomo, pamwamba pa mutu wake patatsala malo oti nkudutsa mphika.)

INE: Amalume, Nsungwi ali kuti?

AMALUME: Ndi ameneyo. Gwada iwe upereke moni.

INE: Asagwade! Aimirire kaye. Waimirira kale? Amalume seveni futi ndi mamita 2.13, chitseko chimenecho amayenera kuwerama polowa. Ringi ili mamita 3.05 kuchokera pansi. Uyu ngakhale 1.80 sakufika.

AMALUME: Za mamita ukuziyamba pano. Mayi ako anati seveni futi. Ine Chingerezi ndinaphunzira nthawi ya Kamuzu, futi ndi phazi. Nsungwi vula nsapato umuonetse. Waona pansipo? Seveni. Ya Bata yeniyeni.

INE: Mwandidzutsa 3 koloko usiku chifukwa cha saizi ya nsapato?

AMALUME: Ndipo ndayenda midzi inayi kuyeza mapazi a ana a eni, ena makolo awo amayesa ndine wokhwima. Koma m'mudzi muno ndi wamtali ndithu, ine ndimamufika m'khutu.

INE: Inuyo aliyense mumamufika m'khutu amalume. Tadikirani, bwezerani kamera kumanja. Uyo akuphula mfutso padenga osakwera pa chilichonseyo ndani?

AMALUME: Aa ameneyo musiye, ndi mlongo wake, ali Fomu 2. Amatisowetsa mtendere ndi nsapato, amavala 12 ya chimuna mpaka timakagula pa kaunjika ku Lizulu. Iyeyo seveni inamuthina ali Sitandade 4.

INE: Mpatseni foni. Amalume mpatseni foni msanga, makoleji a atsikana nawonso amafuna masenta.

AMALUME: Sangakuthandize ameneyo, pa senta anayesapo kale ku netibo a hedi anamuchotsa ati watalikitsa. Tiye tikambe za Nsungwi, a saizi seveni mumawaika pa nambala chani?

Foni kuduka. Ndayimba kasanu osalowa. Patapita mphindi khumi meseji kubwera pa nambala ya a neba: "Bandulo yatha. Tumiza ya mwezi, ndiwe wayambitsa nkhani zambiri. Mtsikanayo ejenti wake ndinenso, iyeyo ndi fifitini peresenti poti ndi wamkulu."