Inu a mu Lusaka amene mukugula mapuloti ku Siavonga, khalani pansi mumve

Ana anga, adzukulu anga, ndi inu anzanga amene imvi zatuluka kale koma mtima ukadali wothamanga, nkhani iyi yandilemera kuyambira tsiku limene ndinabwerako ku Siavonga, tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Kariba. Kwathu ndi ku Katete. Mu Lusaka ndinafika ndili mnyamata, ndipo ndagwira ntchito yomanga nyumba ndi kuika mapaipi mpaka msana unakana. Zimene ndinene pano ndi za ntchito yanga, ndazigwira ndi manja awa.

Masiku ano ukakhala pamaliro ku Chilenje kapena paukwati ku Kabwata, nkhani ya azibambo ndi imodzi: "Ndagwira kapuloti ku Siavonga, pafupi ndi madzi penipeni." Wina akuti amanga loji, wina nyumba yopumulirako pa holide, wina timanyumba ta lendi. Kumanga sikulakwa, ndipo munthu amene wakhetsa thukuta ayenera kuona chipatso chake. Chimene chikundiwawa ndi kamangidwe kanu, komanso mwano umene mukulowa nawo m'mudzi wa eni ake.

Mwana wa mlongo wanga ananditenga kuti ndikaone malo ake ndi kumuuza poyenera kudutsa mapaipi. Tinadzera ku Kafue, n'kutsika mapiri a msewu wa ku Chirundu, kenako n'kukhotera kumanja, ulendo wa makilomita pafupifupi 200. Titafika ndinapeza maziko akumbidwa kale, mabuloko aunjikidwa, matumba a simenti afunditsidwa pepala lakuda. Iye ali kalikiliki kundionetsa pamene padzakhale khonde loyang'ana kunyanja, ine maso anga anali pamiyala. Miyala ya kuseri kwa maziko ake inali ndi mzere wotuwa, wowongoka ngati wojambula ndi chingwe cha mmisiri, ndipo m'dothi limene anyamata anafukula munali tizigoba ta nkhono. Chapafupi panali bambo wina wachikulire akusoka ukonde. Ndinawapatsa moni, n'kuwafunsa kuti madzi akadzaza amafika pati. Sanayankhule zambiri. Analoza mtengo umene unali kumtunda kwa maziko aja, nati bwato lawo amalimangirira pamenepo.

Mwanayo akuti, "Amalume, madzi anapita kalekale, taonani komwe ali." Ndinamuyang'ana nthawi yaitali.

Tamverani, chifukwa ambiri a inu mukugula malo osadziwa kuti Kariba ndi chiyani. Nyanja ija inapangidwa ndi anthu. Anatseka mtsinje wa Zambezi ndi khoma la damu limene linamangidwa kuyambira 1955 mpaka 1959, ndipo madzi ake amakwera ndi kutsika malinga ndi mvula ya kumtunda komanso madzi amene makina a magetsi akugwiritsa ntchito. Bungwe la Zambezi River Authority limayeza madziwo ndi kulengeza poyera. Nyanja ikadzaza imafika pa mamita 488.5 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo malire apansi opangira magetsi ali pa mamita 475.5. Kusiyana kwake ndi mamita 13, kutalika ngati nyumba ya nsanjika zinayi. Pamalo otsetsereka pang'onopang'ono, madzi akatsika chotere amasiya dambo lalikulu louma looneka ngati puloti yabwino. Chilala cha 2024 tonse tikuchikumbukira, pamene boma linalengeza kuti dziko lili pa tsoka, magetsi n'kumazima mpaka maola 21 patsiku muno mu Lusaka. Nthawi ngati imeneyo nyanja imathawira kutali, ndipo wogulitsa malo wosaona mtima amapeza mpata. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Zaka za mvula yambiri zikadzabwera, adzabwerera pomwe anali, ndipo sadzafunsa kuti matailosi munagula ndalama zingati.

Komatu nyumba ikamira, mwataya ndalama zanu zokha. Chimene chandilembetsa kalata iyi ndi zimbudzi.

Siavonga ndi tauni yokhala pamapiri ndi pamiyala. Dothi ndi lochepa, ukakumba pang'ono wagunda thanthwe. Pamalo otere dzenje lomwetsa madzi a m'chimbudzi, lija timati soakaway, silimwetsa bwino. Madzi oipa amatsata ming'alu ya mwala n'kutsikira kumunsi, ndipo kumunsiko ndi kunyanja. Ndinaona nyumba ina yatsopano, ya zipinda zambiri za alendo, chimbudzi m'chipinda chilichonse, koma thanki yake ya zonyansa inali kabokosi kosakwana ngakhale banja limodzi, kosapaka pulasitala m'kati. Kuchoka pamenepo kukafika pamadzi ndinawerenga mapazi anga, sanafike makumi atatu. Pansi pake udzu unali wobiriwira mbee pakati pa chilimwe, ntchentche zili ng'waa. Chakumunsi pang'ono ana anali kusamba, amayi akutsuka mbale.

Inu a mu Lusaka, kodi zimenezi n'zachilendo kwa inu? Mzinda wathu uno wakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi mapanga ndi ming'alu, madzi a pansi ali pafupi. Tinakumba zimbudzi pambali pa zitsime, tinamanga m'madambo ndi m'njira za madzi, ndipo chaka ndi chaka Kanyama amasefukira. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inatikwapula, sitinamve. Inabweranso mu October 2023, anthu opitirira 700 anamwalira m'dziko muno, bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala, ana anakhala kunyumba mpaka February osatsegulira sukulu. Ena a inu munaika abale anu m'manda osaloledwa ngakhale kusambitsa thupi. Misozi isanaume, mwanyamula khalidwe lomwelo kupita nalo kunyanja kumene tauni yonse imamwa, kumene kumachokera kapenta ndi nsomba zimene mumagula pa msika wa Soweto. Mukufuna kuti ana a ku Siavonga aone zimene anaona ana a ku Kanyama? Ndalama ya galasi lalikulu la pakhonde muli nayo, ya thanki yabwino ndiye mukuti yachepa. Manyazi akugwireni.

Ndipo musamanamizire amisiri. Ndikudziwa mmene zimakhalira. Mmisiri akakuuzani kuti pano pafunika thanki yaikulu yomata bwino, yotalikirana ndi madzi, yoti izipopedwa ikadzaza, mumati akufuna kukudyerani, n'kukatenga mnyamata wotchipa amene sakana chilichonse. Inunso amisiri anzanga, amene mumavomera ntchito yotere chifukwa cha njala ya lero, dziwani kuti dzina lanu lakwiriridwa limodzi ndi paipiyo.

Tsopano za eni malo. Ambiri mukafika kumeneko mumalankhula Chinyanja mokweza ngati muli pa City Market, osaphunzira ngakhale "mwabuka buti" wa Chitonga. Kodi mukudziwa kuti anthu aja ndi ndani? Pamene damu linamangidwa, Atonga pafupifupi 57,000 a m'chigwa cha Gwembe, tsidya lino ndi tsidya la Zimbabwe, anachotsedwa m'midzi yawo. Minda yawo ya m'mbali mwa Zambezi, imene ankakolola kawiri pachaka, ili pansi pa madzi amene mumajambulapo zithunzi. Manda a makolo awo ali pansi pomwepo. Ena anatengedwa pa malole kukatayidwa ku Lusitu, kudera louma, ndipo mu 1958 ena anaphedwa ndi mfuti za apolisi a atsamunda chifukwa chokana kusamuka. Magetsi a damulo anapita ku migodi ndi kumizinda, kwa ife, pamene midzi yambiri ya osamutsidwawo inakhala mumdima zaka zambirimbiri. Anthu amenewa analipira kale mtengo waukulu kuti ife tiziyatsa malaiti.

Lero mdzukulu wa munthu wosamutsidwayo akupeza mpanda wa mabuloko watseka njira yake yopita kumadzi. Ndinaona ndi maso anga mayi wina, beseni la zovala pamutu, mwana kumbuyo, ataima pamene kanjira kakale kanathera pakhoma latsopano. Kanjirako kankaoneka bwinobwino, kopondedwa zaka zambiri, kakulowa pansi pa khoma ngati kadulidwa ndi mpeni. Pamwamba pa khoma waya wamagetsi, m'kati galu akuuwa, mwini nyumba ali ku Lusaka. Mayiyo anatembenuka n'kuyamba kuzungulira, dzuwa la m'chigwa lija likuswa mtengo. Nditafunsa, anandiuza kuti kumene amakatungira tsopano ndi kumabango. Aliyense wodziwa Kariba akudziwa chimene chimabisala m'mabango. Anthu a kumeneko anasankha madooko awo akale podziwa kumene ng'ona ndi mvuu zimakonda. Mukatseka dooko, mwamukankhira munthu kukamwa kwa ng'ona, inu muli m'tulo ku Ibex Hill.

Ife a kum'mawa tinaleredwa kuti mlendo salowa m'mudzi osaonekera kwa mfumu, ndipo njira ya kuchitsime satseka ngakhale munda ukhale wako. Mwambo umenewu munausiya m'masitolo a pa Manda Hill kodi?

Zina ndingozitchula mwachidule. Nyumba zikachuluka za anthu a ndalama, lendi imakwera, ndipo mphunzitsi, namwino ndi msodzi amakankhidwira kuphiri kutali ndi madzi. Mapaipi a tauni anaikidwa poyeza anthu ochepa, ndiye inu mukadzaza mathanki ndi madamu osambiramo, wa kumapeto kwa paipi amatsegula mpopi n'kumva mphepo yokha. Mchenga mukukumba m'mitsinje, mitengo ya m'mapiri ikutha, ndipo mvula ikagwa dothi lonse likutsukukira m'nyanja. Loweruka ndi Lamlungu mukachoka, gombe limatsala ndi mabotolo osweka, mapepala apulasitiki ndi matewera a ana. Amatola ndani? Mlonda wanu amene mumamulipira mochedwa.

Pa kagulidwe ka malo, safunsa anadya phula. Malo ambiri kunja kwa tauni ndi a mwambo, ali m'manja mwa mafumu monga a Simamba. Lamulo la malo la 1995 likuti malo otere asanasanduke a taitolo ya zaka 99, pafunika chilolezo cha mfumu ndi cha khonsolo, ndipo anthu amene akukhalapo kapena kulimapo ayenera kufunsidwa. Kapepala kolembedwa pamanja pansi pa mtengo, ndi munthu amene wakuuzani kuti ndi mphwake wa nyakwawa, sikakutetezani. Pulani ya nyumba ipite ku khonsolo isanakumbidwe maziko. Ngati ndi loji kapena nyumba zambiri m'mbali mwa nyanja, a ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, alipo kuti aone ngati chilengedwe sichiwonongeka, ndipo chitsime chobowola chili ndi malamulo ake ku WARMA, bungwe la boma loona za madzi. Maofesi amenewa ambiri ali muno mu Lusaka, mumawadutsa tsiku ndi tsiku. Ndipo wina akakuuzani kuti "tingokonza mwachidule, bwana", dziwani kuti mukugula mlandu umene adzausenze ndi ana anu.

Musanalipire ngwee imodzi, pitani nokha, mugone kumeneko masiku angapo. Funsani asodzi achikulire kumene madzi amafika. Funsani amayi kumene amadutsa popita kukatunga, ndipo mpanda wanu usiye njirayo. Yang'anani miyala.

Mwana wa mlongo wanga ndinamuuza pamaso pa anyamata ake kuti ine sindiika paipi ngakhale imodzi pamalo paja, ndipo mmisiri aliyense amene ndinamuphunzitsa ntchito ndimuuza kuti asapiteko, kufikira atasunthira nyumbayo kumtunda kwa mtengo uja ndi kumanga thanki yoyenera. Ulendo wobwerera sanandilankhule mpaka pa mlatho wa Kafue. Mayi ake anandiimbira foni usiku womwewo kuti ndamuchititsa manyazi mwana. Ndinawayankha kuti alongo, mwanayo ndi wanganso, n'chifukwa chake ndanena. Simenti ija ikadali pansi pa pepala lakuda, ndipo sabata yatha anatumiza uthenga wofunsa kuti thanki yoyenera nyumba ya zipinda zinayi imafuna mabuloko angati.