Mwana akafuna kuphunzira mbiri yakale ku koleji, musamuletse

Mwana wa mchemwali wanga akufuna kukaphunzira mbiri yakale ku koleji, ndipo abale amuzinga ndi funso limodzi: "Ukamaliza udzadya zaka zimene waloweza?" Funsoli landiwawa, chifukwa inenso ndinadutsa njira yomweyo.

Kusekondale n'zoona tinkaloweza. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, 1914 mpaka 1918, basi wakhoza. Koma ku koleji, sabata yoyamba, aphunzitsi anatiikira patebulo makalata awiri ofotokoza nkhondo imodzi, ina ya wopambana, ina ya wogonja. Sanatifunse chaka. Anati tiwauze amene walemba, amene amamulembera, ndi zimene wadumpha dala. Ndinawerenga kasanu konse ndisanaone kuti wopambanayo sanatchule n'komwe akazi ndi ana amene anafa.

Nkhani imene inanditsegula maso kwambiri ndi ya Great Zimbabwe, mabwinja a mzinda wakale wamiyala m'dziko la Zimbabwe. Mu 1871 Mjeremani Karl Mauch anafika pa makoma amiyala aja, osanjidwa popanda chomatira chilichonse, n'kunena kuti munthu wakuda sakanamanga zotere, ayenera kuti anali anthu a Mfumukazi ya ku Sheba. Atsamunda anaikumbatira nkhaniyi, pakuti ngati eni dziko sanamangepo kanthu, kuwalanda dzikolo kunkaoneka ngati chilungamo. Mu 1905 David Randall-MacIver anakumba pamalopo n'kupeza kuti omanga anali Aafirika. Mu 1929 Gertrude Caton-Thompson anakumbanso, yankho lomwelo. Komabe boma la azungu la Rhodesia linkafinya akatswiri kuti asanene poyera, mpaka katswiri wofukula zakale Peter Garlake anachoka m'dzikomo mu 1970. Tangoganizani, umboni unapezeka kalekale, bodza n'kumaphunzitsidwabe! Dzikolo litalandira ufulu mu 1980 linatenga dzina la makoma omwewo.

Amene anagwetsa bodza limenelo ndi anthu ophunzitsidwa kufukula umboni ndi kuuyeza. Luso limeneli sungalitole pongowerenga wekha nkhani zakale madzulo. Pamafunika wina woti akubwezere pepala lako lili lofiira ndi inki, atalemba pambali kuti "umboni wake uli kuti?"

Lero pa WhatsApp pakafika chithunzi chakale chomatidwa mawu atsopano, kapena wandale akamati mavuto onse anayamba ndi mtundu wakutiwakuti, mafunso atatu aja amandibwerera okha ndisanadine potumizira ena.

Za ntchito sindinama, palibe kampani imene imadikirira pachipata omaliza maphunziro amenewa. Anzanga ena akuphunzitsa, ena ndi atolankhani, wina anapitiriza zamalamulo, ndipo ena anavutika ndithu asanapeze pogwira. Mwana uja ndamuuza zimenezi mosabisa. Ndamuuzanso kuti akalembetse, ndipo mabuku anga akale ndayamba kale kumuikira m'katoni.