Nkhotakota ndi doko lathu ife a ku Kasungu

Abale anga a ku Kasungu, ndili ndi dandaulo. Kwaya ya kutchalitchi ikafuna kukaona nyanja, ndiye kuti ku Salima. Ana a sukulu, ku Salima. Amayi a banki m'khonde akagawana ndalama mu Disembala, ku Salima komweko, kapena ku Mangochi ngati thumba lalemera. Timazungulira mtunda wautali, kuwotcha mafuta, pomwe Nkhotakota ili pakhomo pompano. Mukakwera galimoto m'mawa pa msewu wa M18, kudutsa pa Malomo, kutsetsereka m'nkhalango muja, nkhomaliro mukadyera m'mbali mwa nyanja.

Ena amati ku Nkhotakota kulibe choona. Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa tauni imene ija ndi ife mbiri yathu ndi imodzi. Ngakhale madzi amachitira umboni. Mtsinje wa Bua, womwe umachokera ku Mchinji n'kudutsa kwathu kuno, umakathira m'nyanja kumpoto kwa tauniyo, ndipo ndi mmene nsomba ya mpasa imakwera kukaswana.

M'zaka za m'ma 1840, Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah anakhazikika pa gombe lija n'kumatchedwa Jumbe. Anamanga ngalawa zikuluzikulu za matanga zowolokera kutsidya, ndipo katundu akatsika kumeneko ankasenzedwa pamutu mpaka ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja yamchere. Katunduyo anali minyanga ya njovu, ndipo anali anthu. Minyanga yambiri inkachokera m'nkhalango zathu zino. Mafumu a kuno ankalandira nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Ndiye mukamatsika phiri lija nyanja n'kuonekera patali, dziwani kuti pali anthu a kumtunda kuno amene anaiona koyamba ali m'goli, ndipo sanabwererenso kwawo. Mayina awo palibe anawalemba.

Sindikunena izi kuti tiloze chala anthu a ku Nkhotakota a lero, ayi. Malonda oipa aja anadyerera mafumu a mitundu yosiyanasiyana, athu omwe. Ulamuliro wa a Jumbe utatha, mmodzi wa akuluakulu a kumeneko, Saidi Mwazungu, anathawira kuno kwa mfumu Mwase, ndipo kumapeto kwa 1895 asilikali a Angelezi anabwera kudzathira nkhondo Kasungu. Mwana wa kuno angamvetse bwanji nkhani ya nkhondo ya ku Kasungu imeneyi asanakaone kumene inayambira?

Mkuyu umene amati David Livingstone anakumanirana pansi pake ndi Jumbe uli pa mishoni ya St Anne's. Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha All Saints cha Anglican, pomwe pali manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895 atangodzozedwa kumene. Ndipo mu 1960 ndi ku Nkhotakota komweko kumene chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano waukulu womwe unapatsa Kamuzu, mwana wa kwathu kuno, utsogoleri wa chipanicho wa moyo wake wonse. Kaya mumamukonda kaya ayi, zinachitikira pamenepo.

Koma musaganize kuti ndi tauni ya manda ndi zakale zokhazokha. Chimene ndimaikondera ine ndi kufatsa kwake. Kumatentha, anthu sathamanga. Mbandakucha mumva kuitana kwa kumzikiti, pang'ono pokha belu la kutchalitchi, ndipo anthu onsewo mukawapeza pa msika umodzi akutsatsana malonda. Pitani kugombe dzuwa likungotuluka, mabwato akufika. Amayi ali ndi mabeseni m'manja, madzi m'mawondo, akukanganirana usipa usanatsike n'komwe, wina akupala mamba a chambo pamwala, utsi wa nsomba zowamba uli tolotolo. Ife tinazolowera usipa wouma wa pa mulu, wofika kuno utayenda masiku. Ukadya wa tsiku lomwelo ndi mpunga wa faya wolimidwa m'madambo a komweko, umazindikira kuti takhala tikudzimana. Kulinso akasupe a madzi otentha a Mawira, ndipo chakumwera kuli thamanda la Chia. M'nkhalango imene mumadutsa ija anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, choncho oyendetsa galimoto asamathamange.

Chondidandaulitsa n'choti doko lomwe linkalumikiza dziko lino ndi nyanja yamchere lero lili ngati mwana wamasiye. Sitima ya Ilala inkati ikafika inkaima patali, anthu ndi matumba awo n'kumakwera timaboti kuti akaipeze. Malo a mbiri yaikulu chonchi akufunika zikwangwani zomveka bwino m'Chichewa, ndi achinyamata a komweko ophunzitsidwa kufotokozera alendo, n'kumalandirapo kangachepe. Koma zimenezi zingayambe bwanji ngati ife oyandikana nawo sitipitako?

Aphunzitsi akulu amene mukukonza ulendo wa ana teremu ikubwerayi, ndi inu a makwaya, yesani Nkhotakota. Ana ayambe pa mkuyu paja ndi pa tchalitchi, wina awafotokozere za Jumbe ndi Mwase, kenako akasambe. Amene mwadutsa pa M18 posachedwa, tiuzeni kuti msewu uli bwanji pano.